Mabenchi Awiri Okha mu Msika wa Google

 

Nkhani ya lero ndaitola kwa alamu anga. Dzina sinditchula, angandilande mlongo wawo. Alamu angawa ali ndi kamalo kogona alendo kunyanja, cha ku Monkey Bay uko. Zipinda zake n'zowerengeka, pali khitchini yomwe chambo chake sindingachinyoze, ndi boti limodzi la injini lotengera alendo kukaona nsomba za mbuna. Chaka chatha anaitana mnyamata wina wodziwa za makompyuta kuti awakonzere webusayiti. Inatuluka yooneka bwino ndithu, ya masamba 14: ena a zipinda, lina la mitengo yake, la chakudya, la boti, la maukwati, ndi ena otero.

Ndiye tsiku lina usiku foni inalira.

"Alamu, mwagona?"

"Ndikadagona ndikadayankha bwanji, alamu?"

"Tamverani. Inetu ndinalipira masamba 14. Koma ndikalemba pa Google kuti malo ogona ku Monkey Bay, ndikuoneka kamodzi kokha, kumunsi kwenikweni, chala mpaka kutopa. Enawo 13 wadya ndani? Makampani akunja aja akuoneka aliyense kawiri. Amalipira zingati?"

Funso limeneli si la alamu anga okha. Ndalimvapo kwa aphunzitsi aakulu a sukulu yapulayiveti, kwa mayi wogulitsa mbewu ndi feteleza, ngakhalenso kwa mlembi wa mpingo. Aliyense amene wataya ndalama pa webusayiti amafuna kuti munthu akangolemba funso, foni yonse idzaze iye yekhayekha, kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Tiyambe tamvana mawu kaye, chifukwa m'Chichewa timangoti "tsamba" pa zinthu ziwiri zosiyana. Lero ndikati webusayiti ndikunena buku lonse, ndikati tsamba ndikunena pepala limodzi la m'bukumo, lokhala ndi adiresi yakeyake. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika, chifukwa Google akamayankha funso sakupatsani buku. Amang'amba pepala limodzi n'kukupatsani. Masamba 14 a alamu anga ndi anthu 14, ndipo aliyense amayenera kulowa pachipata payekha.

Chipatacho chili chonchi. Pali kapulogalamu kotchedwa Googlebot, kamene kamayenda usana ndi usiku kutsata malinki, kuchoka pa tsamba ili kupita pa ilo, ngati kangaude pa ulusi wake. Chomwe kapeza kamakatula kwa eni ake, iwo n'kuchiwerenga, n'kuona ngati chili choyenera kulowa m'kaundula wawo. Tsamba lomwe silinalowe m'kaundulamo, kwa Google kulibe, ngakhale litakongola chotani. Ndiye inu mukalemba funso, Google sathamanga kukasaka pa intaneti ponse nthawi yomweyo ayi. Amangotsegula kaundula uja, n'kusanja zomwe zilimo, ichi patsogolo, icho pambuyo. Larry Page ndi Sergey Brin, anyamata a pa yunivesite ya Stanford amene anayambitsa kampaniyi mu 1998, anatchuka ndi nzeru imodzi: linki yochokera kwa wina kubwera kwa iwe ili ngati umboni wokuikira kumbuyo, ndipo umboni wa munthu wodalirika umalemera kuposa wa munthu wamba. Lero amayang'ana zinthu zambiri kuposa pamenepo, koma nzeru ijayi sinafe.

Tsopano taganizirani msika wa m'mbali mwa msewu, monga pa Lizulu paja. Basi ikaima, anthu amagula kwa amene ali pamzere woyamba. Ndani amatsika n'kuyenda mpaka kuseri kwa msika kukafuna tomato? Zotsatira zoyamba za Google ndiwo mzere umenewo, ndipo kwa zaka zambiri unkakhala ndi mabenchi 10. Funso la alamu anga, tikalivula jekete, ndi ili: kodi banja limodzi lingatenge mabenchi angati pamzere woyamba?

Yankho lake lakhala likusintha. Kalekale mwambo unali wa awiri. Webusayiti imodzi ikakhala ndi masamba awiri oyenera, lachiwirilo ankaliika pansi pa loyamba, atalilowetsa m'kati pang'ono, ngati mwana wokhala pamiyendo ya mayi ake. Mu Ogasiti 2010 Google analengeza kuti wamasula chingwe: funso likamaonetsa kuti munthu akufuna webusayiti inayake, aziika masamba ake ambiri. Zinathandiza pena, koma m'zaka zotsatira madandaulo anakula. Munthu ankafufuza malo odyera kapena nyumba ya lendi, n'kupeza kampani imodzi yaikulu yayala katundu pa mabenchi anayi, asanu, ena onse atakankhidwira kuseri.

Pa 6 Juni 2019, kudzera pa Twitter, pa akaunti yomwe ankayendetsa Danny Sullivan, mtolankhani wakale yemwe anadzakhala mneneri wa Google pa nkhani zofufuza, kampaniyi inalengeza kusintha kumene kukugwirabe ntchito. Inati nthawi zambiri simudzaonanso masamba oposa awiri a webusayiti imodzi pa zotsatira zapamwamba. Inawonjezera kuti ikhoza kupitirira awiriwo ngati makina ake aona kuti pafunso limenelo n'zothandizadi kutero. Mawu akuti "nthawi zambiri" muwasunge, tiwabwerera.

Nditawauza alamu anga zimenezi anakwiya. Amvekere: "Ndiye kuti mkulu wa msikayo ndi wankhanza!" Apa mpamene ine ndimasiyana nawo, ndipo ndikusiyananso ndi ambiri a inu amene mukugwedeza mutu kuvomereza. Lamulo la mabenchi awiri silinaikidwe kuti lipondereze munthu wa zipinda zowerengeka ku Monkey Bay. Taganizani mutalichotsa. Pafunso la malo ogona kunyanja, ndani angadzaze mzere wonse? Booking.com ili ndi tsamba la pafupifupi hotelo iliyonse imene inalembetsa kwa iwo padziko lapansi. Tripadvisor chimodzimodzi. Mawebusayiti amenewa ali ndi umboni wa malinki wosawerengeka, antchito awo ndi zikwizikwi, ndipo patapanda malire angagawane mabenchi onse 10 awiriwiri, alamu anga osaoneka n'komwe. Benchi limodzi lakumunsi lomwe iwo akulinyoza lija, analipeza chifukwa cha lamulo lomwelo akulitukwanali. Mkulu wa msika akauza wamalonda wamkulu kuti "awiri akukwanira, enawo siyira anzako," wogulitsa ndi lichero ndiye woyamba kuombera m'manja.

Koma nkhani ya alamu anga inali isanafike n'komwe pa malire a awiri. Loweruka lotsatira ndinapita kunyanjako. Tinakhala pansi pa mtengo, laputopu pathebulo la alendo, iwo atakweza magalasi pamphumi ngati woweruza milandu. Ndinati tiyambe taona kuti mwa masamba 14 aja, ndi angati amene Google akuwadziwa.

Inunso mukhoza kuyesa pafoni panupo, ndipo ndinena pang'onopang'ono kuti mulembe. Pamalo polemba funso paja, lembani mawu a Chingerezi akuti site, zilembo zake s, i, t, e. Kenako ikani timadontho tiwiri tosanjikizana tija. Kenako, osasiya mpata, adiresi ya webusayiti yanu. Zomwe zituluke ndi masamba anu amene ali m'kaundula. Chiwerengero chake sichikhala cholondola ndendende, koma chimakupatsani chithunzi. Kaundula weniweni mumamuona mu Search Console, chida chaulere cha Google, chomwe mpaka 2015 chinkatchedwa Webmaster Tools. M'menemo amakuuzani tsamba ndi tsamba: ili talimva koma sitinapiteko, ili tinapitako koma sitinalilembe, ili taona kuti ndi lofanana ndi linzake.

Kwa alamu anga anatuluka masamba 5. Asanu okha. Enawo 9 anali asanalowe n'komwe pachipata, ndiye kudandaula za benchi kunali kulira maliro a munthu amene sanabadwe.

Tinayamba kutsegula limodzilimodzi, ndipo zomwe tinaona ndi zomwe ndimaona pafupifupi paliponse. Tsamba lililonse lili ndi mutu, uja umaoneka ndi zilembo zazikulu pa zotsatira, umene munthu amadina. Kwa alamu anga masamba onse 14 mutu wake unali umodzi: "Home". La boti, "Home". La maukwati, "Home". Zili ngati sitolo yomwe matumba onse, a shuga, a mchere, a sopo waufa, alembedwa kuti "katundu".

Tsamba la mitengo ndiye linandiseketsa. Mnyamata uja anangojambula ndi foni pepala lomwe limakhala pakhoma la ofesi, lija lomata ndi selotepi, n'kuliika momwemo. Pakona pa chithunzicho panali kuoneka chala chake chachikulu. Munthu akhoza kuwerenga atatsinzina diso limodzi, koma pa tsambalo panalibe liwu lolembedwa ngakhale limodzi. La boti linali ndi zithunzi zambirimbiri, zolemera, zoti bandulo ya tsiku limodzi ikhoza kuthera pomwepo, koma osanena kuti botilo limapita kuti, limanyamula anthu angati, limanyamuka nthawi yanji. La maukwati linali lolembedwa bwino kuposa onse, koma panalibe linki iliyonse ya m'webusayitimo yolozako. Mnyamatayo anangowatumizira alamu adiresi yake pa WhatsApp, basi. Kangaude uja akanafikako bwanji popanda ulusi? Ndipo zipinda zisanu ndi chimodzi, chilichonse chinali ndi tsamba lake, mawu ake amodzimodzi, kungosintha nambala ya chipinda.

Pa zipinda zimenezi ndiimepo pang'ono, chifukwa ambiri amagwera pomwepa. Amaganiza kuti masamba ochuluka onena chinthu chimodzi amachulukitsa mwayi, ngati matikiti a mpikisano. Sizitero. Google akapeza masamba ofanana amawaunjika pamodzi, n'kusankhapo limodzi loti liimire onse, enawo n'kuwabisa. Si chilango, ndi kusesa chabe. Choipa chake n'chakuti amasankha yekha, ndipo akhoza kusankha lomwe inu simukulifuna. Ngakhale masambawo atasiyana pang'ono, onse akamayankha funso limodzi amalimbana okhaokha. Umboni wa malinki womwe ukanalimbitsa tsamba limodzi umagawikana, lero Google aonetsa ili, mawa ilo, ndipo palibe limene limakwera. Ndi mayi amene wagawa dengu limodzi la tomato kwa ana ake atatu n'kuwakhazika moyandikana: onse akuitanira kasitomala mmodzi, ndipo aliyense mulu wake ukuoneka wochepa.

Tinachita zinthu zosavuta, zosafuna ndalama. Tsamba lililonse tinalipatsa mutu wonena chomwe lili. Mitengo tinailemba ndi zilembo zenizeni. Masamba 6 a zipinda tinawaphatikiza kukhala limodzi lokhuta, ndipo maadiresi akalewo tinawalozetsa ku latsopanoli, njira yomwe akatswiri amaitcha 301, kuti wobwera pakhomo lakale asabwerere. Pamene kufanana sikungapeweke pali kachizindikiro kotchedwa canonical, komwe Google, Yahoo ndi Microsoft anagwirizana mu Febuluwale 2009, kouza makinawo kuti mwa ofananawa mwini wake ndi uyu. Tinaika malinki kuchokera patsamba loyamba kupita ku lililonse lofunika, ndipo mawu a linkiyo tinasiya kulemba kuti "dinani apa", tinayamba kulemba chenicheni: maukwati ndi zinkhoswe, ulendo wa pa boti. Pomaliza tinapereka sitemap, mndandanda wa maadiresi onse a webusayiti. Njirayi Google anaiyambitsa mu 2005, ndipo fayilo imodzi imatha kunyamula maadiresi 50,000, ndiye a alamu anga anakwana n'kutsala malo. Dziwani kuti sitemap ndi kalata yoitanira chabe. Woitanidwa amabwera akafuna, ndipo akabwera sakakamizidwa kulemba chilichonse.

Kachenjezo kamodzi kwa inu a WordPress. M'makonzedwe ake muli kabokosi kouza makina ofufuzira kuti asalembe webusayitiyi. Okonza amakachonga pamene akumanga, kuti anthu asaone nyumba isanafoleredwe, ndiye ena amaiwala kukachotsa. Ngati site ija sinakutulutsireni kanthu ngakhale kamodzi, yambirani pamenepo.

Tili pakati pa ntchitoyi mnyamata uja anatulukira panjinga yamoto. Sindikufuna kumunyoza. Ndi mwana waulemu, wolimbikira, ndipo zambiri anaziphunzira yekha pa mavidiyo. Vuto n'lakuti ena mwa mavidiyowo nzeru zake zinatha ntchito kalekale. Atamva dandaulo la alamu anati, "Bwana, musadandaule. Mungondiwonjezera pang'ono, ndikupangirani masamba 40. Malo ogona abwino ku Mangochi, malo ogona abwino ku Salima, ku Nkhotakota, ku Nkhata Bay, boma lililonse lake. Onse azilozera kuno."

Alamu maso anawala. Ine ndinafunsa kuti, "Achimwene, munthu wofuna pogona ku Nkhotakota akadina n'kupezeka ali ku Monkey Bay, athokoza?"

Masamba otere ali ndi dzina m'malamulo a Google, amati doorway, kunena makomo ambirimbiri onamizira olowera m'chipinda chimodzi, ndipo amawerengedwa ngati chinyengo. Si nkhani yoopsezera ana. Mu Febuluwale 2006 Google anachotsa m'kaundula webusayiti ya ku Germany ya kampani ya magalimoto ya BMW chifukwa cha masamba a mtundu umenewu, odzaza ndi mawu okokera makina pamene munthu ankaonetsedwa zina. Anaibwezeretsa patapita masiku ochepa atakonza, koma dziko lonse linamva. Mu 2011 kunabwera kusintha kotchedwa Panda, kotsitsa mawebusayiti odzaza ndi masamba opanda nyama, ndipo mu Malichi 2015 analengezanso kuti akulimbitsa nkhondo yolimbana ndi makomo onamizirawa. Ngati anagwira BMW pakhosi, kamalo ka alamu anga angakachitire chisoni?

Mnyamatayo sanagonje msanga. Anati nanga tikaigawa webusayitiyo, boti likhale ndi subdomain yake, chakudya yake, ndiye kuti dzina la boti kutsogolo, kadontho, kenako adiresi yaikulu ija. Iliyonse izitenga mabenchi ake awiri. Nzeru yake ndi yokoma, koma eni msika anaiganizira kale. M'chilengezo cha 2019 chomwe chija ananeneratu kuti nthawi zambiri subdomain amaiwerengera pamodzi ndi kholo lake, ngati webusayiti imodzi. Amazilekanitsa pokhapokha akaona kuti ndi zinthu zosiyanadi. Kwatsala njira yogula maadiresi osiyana kotheratu, atatu kapena anayi. Palibe angakuletseni. Koma iliyonse muziilipira chaka ndi chaka, kaya ndi ya .com kaya ndi ya .mw, iliyonse iyamba yopanda mbiri, ndipo nthawi yomwe munkasamalira imodzi muziigawa panayi. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Nanga anayi?

Tsono njira yeniyeni ndi iti? Ili m'funso lenilenilo. Alamu anga ankayang'ana funso limodzi lokha, lija la malo ogona, ngati kuti msika ndi umodzi. Koma funso lililonse lomwe munthu amalemba ndi msika wakewake, wokhala ndi mzere wake woyamba, ndipo malire a awiri aja amagwira pa funso limodzi, osati pa webusayiti. Wina akufunsa kuti kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Cape Maclear pa minibasi amayenda bwanji, asinthira pati. Wina akufuna malo ochitira phwando la ukwati m'mbali mwa nyanja. Wina akufuna kugona pafupi ndi doko chifukwa m'mawa akukwera Ilala, sitima yomwe yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951 ndipo kwawo ndi ku Monkey Bay komweko. Mphunzitsi wina akufuna kubweretsa ana a sukulu kudzaona Lake Malawi National Park, yomwe UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984, ndipo akufuna kudziwa ngati pali pogona ana ambiri motchipa. Wina akungofuna kudziwa ngati angalipire pa Mpamba kapena Airtel Money.

Makampani akuluakulu aja ali ndi masamba mamiliyoni, koma sadziwa kuti minibasi yomaliza imadutsa nthawi yanji pamphambano, sadziwa kuti mwera ukaomba boti silinyamuka. Alamu anga amadziwa. Zinali m'mutu mwawo ndi m'kamwa mwawo, amauza alendo pafoni tsiku ndi tsiku, koma pa webusayiti panalibe. Ndinawauza kuti atenge kope, alembe mafunso onse amene anthu amawafunsa pafoni kwa mlungu umodzi. Funso lomwe labwera katatu, limenelo ndi tsamba. Masamba 9 oyankha mafunso 9 osiyana, lililonse pa benchi lake m'msika wake, amabweretsa anthu ambiri kuposa kulimbira mabenchi awiri pamsika womwe mwadzaza zimphona.

Ndidutsireko pang'ono ku chilankhulo chathu. Tayesani kulemba funso m'Chichewa pa Google, muone kuchepa kwa zomwe zimatuluka. Msika wake ndi wa mabenchi opanda anthu. Amene akufuna malo a chinkhoswe kapena a msonkhano wa amayi a mvano si mzungu wochokera ku London, ndi Mmalawi mnzathu, ndipo ena a iwo amalemba momwe amalankhulira. Tsamba la maukwati tinalilemba m'zilankhulo ziwiri, lililonse ndi adiresi yake, ndipo zimenezi Google saziona ngati kubwereza. Koma chonde lembani nokha. Google Translate inayamba Chichewa mu Disembala 2014 ndipo imathandiza pena, koma mukangoithira tsamba lonse osaliwerenganso, mudzaitanira anthu ku ukwati ndi Chichewa choti apongozi akachiwerenga adzafunsa ngati muli bwinobwino.

Tibwerere ku mawu aja ndinati muwasunge, akuti "nthawi zambiri". Nthawi yodziwika bwino yomwe malire a awiri amamasuka ndi pamene munthu walemba dzina lanu lenileni. Akatero wanena yekha kuti akufuna inu, ndipo kumupatsa ena n'kumutayitsa nthawi. Pamenepo mumatha kuona masamba anu angapo motsatizana. Pamenepo mpamenenso pamatuluka timalinki tating'ono pansi pa dzina lanu, tolozera m'kati mwa webusayiti, tomwe amatitcha sitelinks. Timeneti sitigulidwa ndipo palibe fomu yotipemphera. Makina amatisankha okha akaona kuti webusayiti ndi yolongosoka, mitu yake ndi yomveka, malinki ake am'kati akuonetsa kuti masamba ofunika ndi ati. Kale mwini webusayiti ankatha kupempha kuti kalinki kena katsitsidwe, koma batani limenelo analichotsa mu 2016. Ndiye wina akakuuzani kuti mumupatse ndalama akuikireni ma sitelinks, mufunseni kuti akalipira kwa ndani. Zolipira zilipo, koma ndi zotsatsa malonda, zija zimalembedwa kuti ndi zolipiridwa, ndipo ndalama ikatha nazonso zimazima.

Chinanso, malire aja amawerenga mabenchi wamba okha. Pa zotsatira pamakhalanso mashelefu ena: bokosi la mapu, mzere wa zithunzi, mavidiyo, nkhani za m'manyuzi. Amenewa ali ndi kawerengedwe kawo. Alamu anga anali asanalembetse malo awo pa mapu, chinthu chaulere chomwe lero chimatchedwa Google Business Profile, pamene kwa munthu wa malo ogona kapena odyera bokosi la mapu limakhala pamwamba pa mabenchi onse, ndi nambala ya foni pomwepo. Tsamba lanu la pa Facebook ndi la webusayiti ina, vidiyo yanu ya pa YouTube ndi ya webusayiti ina. Choncho munthu akalemba dzina lanu akhoza kupeza webusayiti, mapu, Facebook, vidiyo ya boti, zonse zanu, popanda lamulo lomwe mwathyola.

Ndiponso mabenchi 10 aja tisawapembedze. Msikawu amaugwetsa n'kuumanganso pafupipafupi. Mu 2021 pa mafoni, ndi mu 2022 pa makompyuta, Google anayesa zoti zotsatira zizingotsika osatha, popanda tsamba lachiwiri. Mu 2024 anazisiya. Chaka chomwecho, mu Meyi, anayamba kuika pamwamba mayankho olembedwa ndi makina, otchedwa AI Overviews, kuyambira ku America kenako maiko ena, moti pa mafunso ena munthu amakhuta asanafike pa benchi loyamba. Ndipo pa foni, pomwe ambiri a ife timafufuzira, galasi limaonetsa zinthu ziwiri kapena zitatu basi chala chisanayambe ntchito. Google yemweyo masiku ano amaweruza webusayiti poona momwe imaonekera pa foni, osati pa kompyuta. Zithunzi za boti zija tinazichepetsa kulemera pa chifukwa chimenechi, komanso pomvera chisoni bandulo ya mlendo.

Mwina mukufunsa kuti zinatha bwanji. Sizinasinthe tsiku limodzi. Milungu iwiri yoyamba alamu ankandiimbira m'mawa uliwonse kunena kuti palibe chachitika, ine n'kumawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Pang'onopang'ono masamba anayamba kulowa m'kaundula, limodzi lero, awiri mlungu wamawa. Pafunso lalikulu lija la malo ogona, mpaka lero akuoneka kamodzi, ndipo akwerako pang'ono chabe. Koma mwezi watha kunafika banja lina lochokera ku Lilongwe, bambo, mayi ndi ana atatu, atatsika minibasi ndi zikwama zawo. Alamu atafunsa kuti mwatidziwa bwanji, bamboyo anatulutsa foni n'kuwaonetsa tsamba lawo latsopano la kayendedwe, lonena posinthira galimoto. Sanafufuze malo ogona n'komwe. Ankangofuna njira, ndipo amene anawauza njira ndi amene anawagoneka.

Dzulo usiku foni inaliranso.

"Alamu, mwagona?"

"Nenani, alamu."

"Ndalemba dzina la malo anga. Timalinki tija tatuluka, tinayi!"

"Ndiye tikuthokozatu."

"Kuthokoza chiyani? Aikapo tsamba la malamulo a pamalo, lija loletsa kuchapa zovala m'bafa. La maukwati, lomwe limabweretsa ndalama, alisiya. Muwaimbire."

Ndawalonjeza kuti Loweruka ndipitanso, tikaone kuti n'chifukwa chiyani tsamba la malamulolo lili ndi linki pansi pa tsamba lililonse pamene la maukwati lili ndi imodzi yokha. Iwo alonjeza chambo.